Zomera ndi makwinya obwera ndi dzuwa: musankhe chiti, musiye chiti?

Mu 2012 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine inasindikiza chithunzi cha bambo wina wa zaka 69 yemwe anayendetsa lole kwa zaka 28. Tsaya la kumanja linali la munthu wa msinkhu wake. La kumanzere, lomwe linkayang'ana kuwindo zaka zonsezo, linali lokwinyika, lokhuthala, lolendewera, ngati lachita kubwerekedwa kwa nkhalamba ina. Munthu ndi mmodzi, magazi ndi omwewo. Chinasiyanitsa masaya awiriwo ndi dzuwa, lomwenso linkachita kudutsa pagalasi.

Cheza cha dzuwa chowononga khungu, chotchedwa UV, chili pawiri. Cha UVB chimapsereza pamwamba. Cha UVA, chomwe ndi pafupifupi 95 peresenti ya UV yofika pansi pano, sichipweteka pomwepo koma chimalowa m'kati, kumene kuli ulusi wa kolajeni ndi elastin wogwira khungu kuti likhale lokungika. Kumeneko chimayambitsa tizinthu tolusa totchedwa free radicals, todya maselo monga mmene dzimbiri limadyera chitsulo, n'kudzutsanso ma enzyme otchedwa MMP omwe amadula kolajeni. Gary Fisher ndi John Voorhees a ku University of Michigan anaonetsa m'zaka za m'ma 1990 kuti ngakhale cheza chochepa, chosafika pofiiritsa khungu, chimadzutsa ma enzyme amenewa. Thupi limasoka podukapo, koma msoko sufanana ndi nsalu yoyamba. Zikabwerezedwa zaka 20, makwinya ndi amenewo. Pa khungu lakuda, melanin, utoto wachilengedwe wa khungu, amachedwetsa makwinya, choncho zoyamba kuoneka zimakhala mawanga ndi kuda mosiyanasiyana pamphumi ndi m'masaya.

Nanga zomera zikubwera pati? Chomera sichithawira pamthunzi. Chimaima padzuwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndipo chimadzipangira chokha mankhwala ozimitsa tizinthu tolusa tija. Anthu amafinya mankhwala amenewo n'kuwathira m'mafuta odzola kapena m'makapisozi. Nzeru yake ndi yomveka. Koma mfundo imene otsatsa malonda amailumpha ndi iyi: zinthu zimenezi sizitchinga cheza. Zimakolopa madzi amene alowa kale m'nyumba. Denga si izo.

Denga ndi mthunzi, chipewa ndi mafuta oteteza ku dzuwa, aja olembedwa SPF. Ku Nambour, ku Australia, anthu 903 osakwana zaka 55 anatsatiridwa kwa zaka 4 ndi theka. Zotsatira zake, zomwe zinatuluka mu 2013, zinaonetsa kuti odzola mafutawo tsiku lililonse khungu lawo silinaonetse kukalamba koonjezereka, ndipo anapambana odzola mwa apo ndi apo ndi 24 peresenti. M'kafukufuku yemweyo ena ankamwa makapisozi a beta-carotene, mankhwala opezeka m'zomera monga karoti, ndipo ponseponse sanasiyane ndi anzawo. Palibe chomera m'munsimu chimene chili ndi umboni wolimba chonchi, ndipo zonse ndikuziyeza ndi mulingo umenewo.

Miyeso yake

Chilichonse ndichiona pa mfundo zinayi izi.

Mtengo: musayang'ane wa botolo limodzi. Khungu limatenga masabata 12 kapena kuposa kuti lionetse kusintha, ndiye muwerenge ndalama ya miyezi 3, kenako ya chaka.

Kupezeka: funso si lakuti dzina la chomeracho lili pabotolo, koma lakuti chilimo chochuluka bwanji. Mndandanda wa zosakaniza umayamba ndi chochuluka n'kumatsika. Chomera chimene chajambulidwa chachikulu kutsogolo koma dzina lake lili kumapeto, pambuyo pa zonunkhiritsa, n'chokongoletsera basi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kasamalidwe: kasungidwe kake, ndi khama limene chikufuna kwa inu tsiku ndi tsiku.

Zoopsa: pakhungu, ndi m'thupi ngati n'chakumwa.

Ferulic acid wophatikiza ndi vitamini C ndi E

Ferulic acid amapezeka m'madeya a mpunga ndi mbewu zina. Payekha sachita zambiri. Mphamvu yake ili pogwirizira anzake. Mu 2005 gulu la Sheldon Pinnell wa ku Duke University linapeza kuti kuthira 0.5 peresenti ya ferulic acid m'madzi okhala ndi 15 peresenti ya vitamini C ndi 1 peresenti ya vitamini E kunkachititsa kuti mavitaminiwo asawonongeke msanga, ndipo chitetezo chawo chinkawirikiza kawiri. Ndinene zinthu ziwiri poyera. Kuyesa koyambako kunachitika pa khungu la nkhumba, ndipo Pinnell anali mmodzi wa oyambitsa kampani ya SkinCeuticals yomwe imagulitsa msakanizowu. Komanso vitamini C wa m'mabotolo amenewa ndi wopanga m'fakitale, si wofinya ku zipatso. Ngakhale zili choncho, mwa zodzola zonse pano, msakanizo uwu ndi umene ndingauike patsogolo, chifukwa vitamini C amafunikanso pomwe thupi likupanga kolajeni, ndipo amachepetsa mawanga.

Mtengo: wa makampani otchuka ndi woboola m'thumba, kabotolo ka mamililita 30 okha. Alipo ena otsika mtengo okhala ndi miyeso yofanana, ndipo kusiyana kwake kwenikweni kumakhala pa kutha kukhalitsa.

Kupezeka: seramu (timadzi todzola kumaso) zolembedwa vitamini C zili ponseponse, koma za msakanizo weniweniwu n'zochepa. Funani mawu akuti ascorbic acid, tocopherol ndi ferulic acid, onse atatu, ndi maperesenti ake.

Kasamalidwe: apa ndi pamene pagona vuto. Vitamini C amadana ndi mpweya, kuwala ndi kutentha. Ndinasiyapo kabotolo pawindo la kubafa, chivundikiro chosamanga bwino. Poyamba madzi ake anali oyera mokhala ngati achikasu pang'ono. Patatha masabata angapo anali ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo ankasiya utoto m'mphepete mwa zikhadabo. Akafika pamenepo ndi otayika. Botolo likhale lakuda kapena losaonekera m'kati, lisungidwe pozizira ndi pamdima, ndipo lithe pa miyezi pafupifupi 3 chitsegulireni. Amadzolwa m'mawa, timadontho tingapo pakhungu louma, kenako mafuta a SPF pamwamba.

Zoopsa: msakanizowu ndi wa asidi ndithu, pH yake (muyeso wa asidi) imakhala pansi pa 3.5. Pa khungu losachedwa kuyabwa umaluma, ndipo kwa ena umabutsa tiziphuphu. Pa khungu lakuda, kuyabwa kulikonse kotenga nthawi kumatha kusiya banga lakuda, lomwe ndi vuto lomwelo munkathawa.

Tiyi wobiriwira

Mphamvu ya tiyiyu ili mu EGCG, mmodzi wa mankhwala otchedwa catechins. Mu 2001 Craig Elmets ndi anzake anapaka madzi ofinya ku tiyi pa khungu la anthu asanaliwalitse ndi UV, ndipo kufiira ndi kuwonongeka kwa maselo kunachepa. Mpaka apo nkhani ndi yabwino. Ikafika pa makapisozi imatembenuka. Kafukufuku wina wa zaka 2, wotuluka mu 2009, sanapeze kusiyana pa makwinya pakati pa amayi omwa makapisozi a tiyi ndi omwa makapisozi opanda kanthu pofika kumapeto. Wina wa ku Manchester, wa mu 2015, anapeza kuti kumwa ma catechin ochuluka kwa masabata 12 sikunateteze khungu kuti lisapse.

Mtengo: wodzola ndi wotsika kapena wapakatikati. Makapisozi amadya ndalama mwezi ndi mwezi popanda chooneka.

Kupezeka: ali m'mafuta ambirimbiri, pa dzina lakuti Camellia sinensis. Ochepa okha ndi amene amanena kuchuluka kwake.

Kasamalidwe: EGCG sakhalitsa akakhala m'madzi, amasanduka wofiirira. Mafuta a m'chubu kapena m'botolo lopopa ndi abwino kuposa a m'chitini chotsegula pakamwa chimene mumapisamo chala. Tiyi wowiritsa nokha n'kusambira kumaso amaziziritsa khungu, inde, koma mphamvu yake siidziwika, ndipo akagona masiku awiri kunja kwa firiji mwayamba kuweta tizilombo.

Zoopsa: wodzola savuta kwa ambiri. Wa makapisozi ndi nkhani ina: mu 2018 bungwe la ku Ulaya loona za chitetezo cha zakudya, EFSA, linanena kuti EGCG wokwana mamiligalamu 800 kapena kuposa patsiku amatha kusokoneza chiwindi. Kapu ya tiyi wakumwa si imene ikunenedwa apa.

Bakuchiol

Uyu ndi amene watchuka zaka zaposachedwa, pomutcha retinol wa ku zomera; retinol ndi mankhwala odzola a m'gulu la vitamini A, odziwika pochepetsa makwinya. Amachokera ku njere za Psoralea corylifolia, chomera chodziwika ku India ndi ku China, chomwe ku India amachitcha babchi. Kapangidwe kake sikafanana ndi retinol, koma pa maselo a khungu amachita zina zofanana naye. Kafukufuku amene aliyense amamutchula anatuluka mu British Journal of Dermatology mu 2019: anthu 44, masabata 12, ena akudzola 0.5 peresenti ya bakuchiol kawiri patsiku, ena 0.5 peresenti ya retinol kamodzi patsiku. Magulu onse awiri makwinya ndi mawanga anachepa mofanana, koma a retinol anadandaula kwambiri za kusupuka ndi kuluma. Retinol ndi wotero: walira mvula walira matope.

Anthu 44 ndi ochepa, masabata 12 ndi ochepa. Retinol ndi abale ake ali ndi zaka zambiri za umboni, bakuchiol wangoyamba kumene. Komanso onani kuti iyeyu ntchito yake ndi kukonza zowonongeka kale, osati kuteteza pomwe dzuwa likuomba.

Mtengo: wapakatikati mpaka wokwera, ndipo poti ndi wodzola kawiri patsiku botolo silichedwa kutha. Kawirikawiri amaposa retinol wamba.

Kupezeka: akuchulukirachulukira, koma apa ndi pofunika maso. Mawu akuti bakuchiol ndi osiyana ndi akuti babchi oil kapena Psoralea corylifolia seed oil. Oyambawo ndi mankhwala oyengedwa. Enawo ndi mafuta a njere yathunthu.

Kasamalidwe: savuta. Sawonongeka ndi kuwala ngati retinol, ndipo mutha kudzola m'mawa ndi madzulo.

Zoopsa: njere za babchi zili ndi psoralen, mankhwala amene amachititsa khungu kupsa kwambiri likakumana ndi UVA. Madokotala a khungu amagwiritsa ntchito psoralen dala, moyeza, pochiza matenda ena. Mafuta osayengedwa odzola kumaso n'kutuluka nawo padzuwa angathe kukutulutsani matuza. Amayi oyembekezera, amene amaletsedwa retinol, amauzidwa ndi otsatsa kuti bakuchiol ndiye m'malo mwake. Chitetezo chake pa mimba sichinayesedwe mokwanira, ndiye ayambe afunsa dokotala.

Centella asiatica

Kachomera koyanga pansi m'malo a chinyezi, komwe kambiri kogwiritsidwa ntchito m'mafakitale kamachokera ku Madagascar. Pamabotolo mumaona mawu akuti cica, madecassoside kapena asiaticoside. Mbiri yake yeniyeni ndi ya kupoletsa zilonda ndi kuziziritsa khungu lotupa. Pa makwinya, umboni wake ndi wa magulu ang'onoang'ono, ndipo m'kafukufuku wina wodziwika anakaphatikiza ndi vitamini C, moti n'kovuta kudziwa amene anagwira ntchito ndani.

Mtengo: wotsika mpaka wapakatikati. Kupezeka: kosavuta, makamaka m'zodzola zopangidwa ku South Korea ndi ku France. Kasamalidwe: palibe chapadera. Zoopsa: zochepa, kupatula totupa kwa anthu owerengeka amene thupi lawo limadana nako. Ine ndimakaona ngati mnzake wa mankhwala amphamvu, wotonthoza khungu pamene retinol kapena vitamini C waliputa.

Polypodium leucotomos

Mwa zakumwa zonse, ichi ndiye chili ndi pogwira. Ndi chomera cha gulu la fern, cha ku Central America ndi South America, ndipo chimagulitsidwa m'makapisozi a mamiligalamu 240, odziwika kwambiri pa dzina la Heliocare. Kafukufuku wochitika ndi akatswiri a ku Harvard mu 2004 anaonetsa kuti omwa mankhwalawa khungu lawo silinkafiira kwambiri ndiponso maselo owonongeka ndi UV ankachepa. Madokotala ena amawapereka kwa anthu otuluka totupa akangokhala padzuwa, ndi kwa ovutika ndi mawanga akuda a kumaso otchedwa melasma, monga chowonjezera pa chithandizo china. Koma anthu oyesedwa amakhala ochepa, ndipo chimene chimayezedwa kawirikawiri ndi kupsa kwa maola kapena masiku, osati makwinya a zaka.

Mtengo: wokwera kuposa zonse mukauwerengera pachaka, chifukwa mukasiya kumwa chitetezo chatha.

Kupezeka: si sitolo iliyonse ya mankhwala imene imasunga. Ambiri amaitanitsa pa intaneti, kumene kulinso makapisozi a mayina ofanana koma a mphamvu yosadziwika.

Kasamalidwe: kumwa musanatuluke padzuwa, tsiku lililonse lomwe mukufuna chitetezo.

Zoopsa: kwa ena m'mimba mumasokonezeka pang'ono kapena khungu limayabwa. Choopsa chachikulu chili m'mutu: munthu akameza kapisozi amadziona ngati wavala chishango. Mu 2018 bungwe la ku United States loona za zakudya ndi mankhwala, FDA, linachenjeza makampani angapo ogulitsa mapiritsi onena kuti amateteza ku dzuwa, ndipo linanenetsa kuti palibe piritsi lolowa m'malo mwa mafuta oteteza.

Lycopene wa m'phwetekere

Mu 2001 Wilhelm Stahl ndi anzake ku Germany anapatsa anthu magalamu 40 a phwetekere wophika wokhuthala patsiku, wokhala ndi mamiligalamu 16 a lycopene, pamodzi ndi mafuta a olivi. Patatha masabata 10, kufiira kwa khungu pambuyo pa UV kunatsika ndi 40 peresenti. Chiwerengerocho chikumveka chachikulu, koma mukachiyerekeza ndi SPF n'chochepa kwambiri.

Mtengo: wotsikitsitsa, mukadya m'chakudya. Kupezeka: kulikonse. Kasamalidwe: thupi limayamwa bwino lycopene wa phwetekere wophika ndi mafuta kuposa wamuwisi, ndipo pamafunika masabata, osati tsiku limodzi. Zoopsa: palibe zodetsa nkhawa. Kupaka phwetekere kumaso ndi kungodetsa tawulo.

Aloe vera ndi mafuta ofinya ku njere

Izi ndaziika pamodzi chifukwa ndi zimene anthu amanamizidwa nazo kwambiri. Aloe vera amaziziritsa ndi kunyowetsa khungu lopsa. Satchinga cheza ngakhale pang'ono. Mafuta a kokonati, a njere za karoti, a raspberry ndi a rosehip amafewetsa khungu, ndipo khungu lofewa timakwinya take tating'ono sitioneka kwambiri kwa maola angapo. Za SPF 30 kapena 40 zimene zimalembedwa pa intaneti za mafuta amenewa n'zabodza: atayesedwa pa khungu la anthu m'kafukufuku wotuluka mu 2021, onsewa sanafike ndi pa SPF 3 pomwe.

Mtengo: aloe ndi kokonati n'zotsika; rosehip ndi raspberry n'zodula kuposa ntchito yake.

Kupezeka: kosavuta, ndipo aloe mutha kudzala mumphika.

Kasamalidwe: mukadula tsamba la aloe, liimikeni chodukacho chili pansi kwa mphindi zingapo kuti utomoni wachikasu uja utuluke, chifukwa ndi umene umayabwa; mutenge choterera cha m'kati chokha, ndipo chisapitirire masiku ochepa mufiriji. Mafuta a rosehip sachedwa kuvunda. Akayamba kununkha ngati penti yakale, tayani.

Zoopsa: kokonati amatseka timabowo ta khungu kwa anthu a ziphuphu. Choopsa koposa ndi zimene anthu amathiramo. Mandimu, laimu ndi mafuta a bergamot zili ndi mankhwala a m'banja limodzi ndi psoralen uja. Madzi a laimu akayenderera padzanja padzuwa, patatha tsiku kapena awiri pamatuluka matuza otsatira ndendende mmene dontho linayendera, mzere wake ngati wojambula ndi cholembera, ndipo banga lakuda limatsala miyezi. Chenjeraninso ndi mafuta olembedwa kuti ndi a zitsamba koma olonjeza kuyeretsa khungu m'masiku ochepa. Ena mwa iwo apezekapo ndi mercury, hydroquinone kapena steroid zosalembedwa pabotolo, ndipo steroid amapyapyalitsa khungu.

Ndiye musankhe chiti?

Ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, musagule chilichonse cha pamwambapa. Gulani mafuta a SPF 30 kapena kuposa, oteteza ku UVA ndi UVB, ndi chipewa cha mlomo waukulu. SPF 30 amatchinga pafupifupi 97 peresenti ya UVB mukadzola okwanira, ndipo ambiri timadzola ochepa.

Ngati muli nawo kale ndipo mukufuna kuwonjezera chitetezo cha masana, tengani msakanizo wa ferulic acid, bola ngati muli ndi pousunga pozizira ndipo mudzaumaliza. Munthu woiwalaiwala, kapena wa khungu losachedwa kuyabwa, angachite bwino ndi mafuta a tiyi wobiriwira a m'chubu.

Ngati makwinya ayamba kale, yambani mwayesa retinol. Akakukanani, ndi pamene bakuchiol woyengedwa ali ndi malo, ndipo Centella akhale pambali potonthoza. Kuona maso a nkhono n'kudekha: jambulani nkhope lero pa kuwala kwa pawindo, mudzajambulenso pamalo pomwepo pakatha masabata 12, chifukwa galasi la tsiku ndi tsiku silikuuzani kanthu. Chilichonse chatsopano muyambe mwachipaka mkati mwa mkono, pafupi ndi chigongono, kwa masiku atatu, ndipo musayambe ziwiri nthawi imodzi.

Ngati vuto lanu ndi mawanga pa khungu lakuda, vitamini C wa mphamvu yochepa ndi poyambira pabwino. Onjezani mafuta a SPF okhala ndi utoto wa iron oxide, chifukwa pa khungu lakuda kuwala kooneka ndi maso nako kumadetsa mawanga, ndipo mafuta opanda utoto sakutchinga bwino.

Ngati mumagwira ntchito panja tsiku lonse, thukuta likutsuka zimene mwadzola, kapena mumatuluka totupa mukakhala padzuwa, Polypodium ndi wofunika kukambirana ndi dokotala wa khungu, thumba likalola. Malaya a manja aatali ndi otsika mtengo kuposa iye ndipo satha mphamvu masana.

Anthu a khungu lachialubino, amene anadwalapo khansa ya pakhungu, ndi amene akumwa mankhwala ofooketsa chitetezo cha m'thupi asadalire chomera chilichonse pa nkhani ya dzuwa. Kwa iwo ndi SPF 50, kudzolanso pa maola awiri alionse ali panja, zovala zophimba, ndi kukaonetsa kuchipatala chilonda chilichonse chimene chatha masabata angapo osapola.